Geji ya mafuta si chokongoletsera galimoto

Ntchito yanga ndi ya magetsi a galimoto, ndipo zambiri zimene ndimagwira kuno ku Ntcheu ndi nkhalamba: Land Rover Series III, Peugeot 404 ndi 504, ndi mapikapu akale amene amatuta mbatatesi ndi kabichi ku Tsangano kukatula pamsika wa Lizulu. Mwa zambiri mwa izo kamuvi ka geji ya mafuta kanagona kalekale, eni ake n'kungozolowera. Ine ndimati geji yakale njofunika kuimasula, kuikonza ndi kuibwezera mwakale, chifukwa kawirikawiri chimene chafa n'chaching'ono, ndipo chimapha geji kwenikweni ndi manja a phuma.

M'thanki mumakhala kachitini kopepuka koyandama pamafuta, komangidwa ku kamkono kachitsulo. Mafuta akamatsika, kamkonoko kamakwekwereza pa waya wokulungidwa, ndiye magetsi opita ku dashibodi amachepa. Mu geji ya Smiths, imene ili mu Land Rover zimene zinapangidwa kuyambira 1971 mpaka 1985, muli kachitsulo kopangidwa ndi zitsulo ziwiri zomatana, kokulungidwa ndi waya wonga tsitsi. Wayayo akatentha, kachitsuloko kamapindika n'kukankha kamuvi. N'chifukwa chake kamuvi kamadzuka mwaulesi mukatembenuza kiyi. Kuseri kwa dashibodi kulinso kabokosi kosunga magetsi a geji pa mavoliti 10, pakuti injini ikamalira batire imafika cha pa 14. Kabokosika kakafa kapena ethi yake ikachita dzimbiri, geji yabwinobwino imanama. Choncho ndisanamasule kanthu ndimayamba ndagunditsa pang'ono waya wa ku thanki pa bodi: kamuvi kakakwera, ndiye kuti vuto lili m'thanki, geji ilibe mlandu.

Luso lenileni lili pobwezera, ndipo apa mpomwe akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Galasi limagwidwa ndi mphete ya timano tosachedwa kuthyoka mukatipinda mobwerezabwereza. Kamuvi kasakhudze galasi kapena mbale ya manambala, chifukwa mphamvu yokakankha njochepa kwambiri moti ndi kafumbi komwe kamakaimitsa. Timawashala ta fayiba ta pa mabawuti awiri akumbuyo tibwerere m'malo mwake, apo ayi magetsi athawira m'chitini cha geji n'kupsereza waya wonga tsitsi uja. Kenako ndimayesa zonse patebulo, kutali ndi thanki yotsegula pakuti fungo la petulo silichedwa kuyaka, ndikukweza kamkono ndi dzanja, n'kumasuntha timipata tiwiri tosinthira kamuvi takumbuyo kwa geji mpaka kamuvi kagwirizane ndi E ndi F.

Ena amati kamtengo kopisa m'thanki n'kokwanira, kapena amangowerenga makilomita. Koma kamtengo kamanena zoona galimoto ikaima, ndipo makilomita sadziwa kuti lero mwasenza matumba angati kapena mwakwera zitunda zingati m'mapiri a Kirk Range. Mafuta akathera panjira, pampu imakoka zinyalala zapansi pa thanki n'kutseka fyuluta ndi kabuleta, ndipo ya dizilo imameza mpweya. Amene anaima pamizere ya mafuta mu 2011 ndi 2012 akudziwa kuti lita iliyonse njofunika kuidziwa pamene ili. Enanso amati bola kugula geji yatsopano. Vuto n'lakuti mageji salankhula chinenero chimodzi: ina imayembekeza ma ohm 240 thanki ikauma ndi 33 ikadzaza, ina 10 ikauma ndi 180 ikadzaza. Mukaphatikiza geji ndi kamkono ka m'thanki ka mtundu wina, kamuvi kamaloza F thanki ili gwa.

Amene amati kachitini koyandama kadzabookanso ali ndi mfundo. Petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol kuyambira 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba ntchito, ndipo ethanol amakoka chinyezi chimene chimadya zitsulo zakale. Komatu yankho lake n'kusintha kachitiniko ndi kapulasitiki kopirira ethanol, geji yonse n'kukhala momwemo. Eni galimoto, geji yanu ikagona musaitaye kapena kuitokosa ndi sikuludiraiva. Pitani nayo yamphumphu kwa wamagetsi, pamodzi ndi kamkono kake ka m'thanki, kuti aziyese limodzi.