UMBONI WA KANYUMBA KAMENE MUKUKAONA PA PIKAPU YA MPINGO

Chiikireni zithunzi za galimoto ya mpingo Lamulungu lapitali, foni yanga sikupuma. Ena mukuti abusa agula kalavani, ena mukuti ndi ambulansi. Ndiye pezani pokhala, positi iyi ndi yaitali, ndikufotokozereni kuyambira pachiyambi.

Chimene chili pa pikapucho ndi kanyumba kochita kukweza ndi kutsitsa. Azungu amati camper. Si kanopi wamba ija yongovindikira katundu ayi. Kali ndi khomo kumbuyo, mawindo m'mbali, munthu amaimirira mkati, ndipo kutsogolo kali ndi mphuno imene imatulukira pamwamba pa mutu wa galimoto, m'menemo ndi mogona. Ku South Africa amakweza timanyumba totere pa mapikapu akamapita kutchire kokaona nyama, ndipo kathuka kanachokeradi komweko. Bambo wina wa ku Mbulumbuzi, amene anagwira ntchito zaka zambiri ku Johannesburg, anabwera nako pobwerera kumudzi, kudzera pa Beitbridge, Harare, Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete mpaka kulowa pa Mwanza. Galimoto imene inakanyamula inafa kalekale. Bambowo nawonso anatsogola. Kanyumba kanatsala kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mango, nkhuku zikuikiramo mazira.

Tsono ine ndinkafuniranji khola la nkhuku?

Inu a kuno simufuna kukumbutsidwa za Malichi 2023. Namondwe wa Freddy, mvula yosakata usana ndi usiku, mapiri kusanza madzi ndi miyala, mudzi wa Ntauchira kwa T/A Likoswe kukokoloka anthu ali momwemo. Masabata amenewo Hilux yathu yakale ija sinazime. Tinkanyamula ufa, zofunda ndi ndowa kupititsa kwa anthu amene ankagona m'masukulu. Tinkavindikira ndi lona, koma lona pa mphepo ija ndi chiyani? Ufa unkafika uli phala. Usiku wina tinanyamula mayi woyembekezera kupita naye ku chipatala cha Nguludi. Kukhala pampando kutsogolo sakanatha, ndiye tinamugoneka pamphasa kumbuyo, amayi anayi atagwira ngodya za lona ndi manja, madzi akuyenda pansi pa mphasayo. Anachira bwino, mwana wamwamuna, ulemerero kwa Yesu. Koma pobwerera ndinauza Mulungu kuti, Atate, sindikufuna kudzanyamulanso mwana wanu ngati thumba la chimanga.

Patapita miyezi, mayi wamasiye wa bambo aja, amene amapemphera nafe, anandiitana nati, "Abusa, chikanyumba ichi chikungondidzazira malo, ngati chili ndi ntchito tengani." Nditaika nkhaniyi pamaso pa akulu a mpingo, maganizo anagawikana. Ena anati tikagulitse malata ake kwa anyamata a ku Ndirande amene amasungunula aluminiyamu n'kuumba mapoto, ndalamazo tigulire mipando. Maganizo amenewo sanali oipa, mipando tikuifunadi. Koma ndinawakumbutsa za mayi wa ku Sunemu mu 2 Mafumu 4, amene anakonzera Elisa kachipinda kakang'ono, n'kuikamo bedi, tebulo, mpando ndi nyale basi. Kachipinda komweko ndi kamene mwana wake anadzagonekedwamo pa tsiku la tsoka. Akuluwo anandilola kuti tiyese, koma anati ndalama za chakhumi tisazikhudze. Tinagwirizana, ndipo sitinazikhudze.

Tinayamba mu Ogasiti chaka chomwecho. Kunja kankaoneka bwino, chifukwa aluminiyamu sachita dzimbiri ngati chitsulo. Koma titamasula lata loyamba, aaa! Mafupa a kanyumbaka ndi matabwa, ndipo madzi anali akulowa kwa zaka kudzera m'misoko ya denga ndi m'mphepete mwa mawindo. Pamene madzi anasiya, chiswe chinamaliza. Ukabaya thabwa ndi sikuludalaiva imangolowa ngati mu mbatata yophika. Fungo la nkhuku ndiye osanena. Amayi abusa anaima chapatali atagwira mphuno nati, "Bambo, masomphenya amenewa mwawaona bwinobwino?"

Mulungu anatipatsa anthu awiri mu mpingo momwemo, kalipentala ndi wowotcherera zitsulo. Kalipentala ndi amene anatiphunzitsa kuchotsa malata limodzi limodzi, lililonse kulilemba nambala ndi choko, ndi kusunga matabwa owolawo mpaka titajambula muyeso wake pa matabwa atsopano. Koma anthu awiriwa anakangana sabata yathunthu, ndipo mkangano wawo ndi umene ndikufuna muumve bwino. Wowotcherera ankati tiponye matabwa onse, tipange mafupa achitsulo okhaokha, chiswe chidzalire. Kalipentala ankati chitsulo n'cholemera, galimoto idzakhala pansi. Pikapu ngati yathuyi inapangidwa kuti inyamule pafupifupi tani imodzi, ndipo mu tani imeneyo muwerengeremo dalaivala, wodwala, omudikirira, masipika, jenereta, zonse. Kanyumba kakadya makilogalamu 700, anthu atsala ndi chiyani?

Tinabwereka sikelo yopachika ija ogula nandolo amagwiritsa ntchito. Chilichonse chotuluka m'kanyumba tinkachiyeza, chilichonse cholowa tinkachiyezanso, ine ndikulemba m'kope. M'bale wina anandiseka nati, "Abusa, munthu wachikhulupiriro mpaka sikelo?" Ndinamuyankha kuti Nowa anapatsidwa miyeso ya chingalawa ndi Mulungu mwini. Ndipo ndinene pano poyera, chifukwa zimandipweteka: timaona magalimoto opita kumaliro, ku zinkhoswe, ngakhale ku misonkhano ya chitsitsimutso, atadzaza anthu mpaka bodi kukhudza matayala, wina n'kumati tapemphera kale. Mabuleki samva zimenezo. Ikagubuduzika pa chitunda timati Satana, chonsecho amene anakweza anthu 30 pa galimoto ya tani imodzi tikumudziwa.

Mapeto ake onse awiri anapambana. Pansi pokha tinaika felemu yachitsulo, pamwamba ponse matabwa a paini ouma bwino, opaka Solignum kawiri. Paliponse pamene aluminiyamu akanakhudzana ndi chitsulo tinapanapo chidutswa cha chubu chakale, chifukwa zitsulo ziwirizi zikagundana pa chinyontho, aluminiyamu amadyeka n'kuboola. Zimenezi ine sindinkazidziwa kusukulu, ndaziphunzira kwa mwana wanga wauzimu wa zaka 26. Filiji yakufa, sinki, chitofu cha gasi, thanki la madzi ndi makabati tinachotsa zonse. Mkati munatsala bedi lalitali mbali imodzi loti munthu agone chowongoka, benchi mbali inayo ya omudikirira, ndi malo omangirira ampulifaya ndi masipika tikamapita kokalalikira.

Pamene ndinkaona anyamata awa akugwira ntchito kuseri kwa tchalitchi ndinkakumbukira kuti boma lino si lachilendo pa zimenezi. John Chilembwe atayambitsa mishoni yake ku Mbombwe mu 1900 anaitcha Providence Industrial Mission, ndipo anthu kumeneko ankaphunzira Mawu pamodzi ndi ntchito zamanja. Ife sitinayambitse chatsopano.

Kenako Novembala 2023, kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Pulayiwudu amene tinafunsa mtengo ku Limbe Lolemba, pobwera ndi ndalama sabata inayo mtengo unali wina. Silikoni chimodzimodzi, maliveti chimodzimodzi. Pamwamba pa izo chilala cha El Niño chinapsereza chimanga m'minda. Ndingaime bwanji pa guwa kupempha ndalama ya pulayiwudu kwa mayi amene ana ake agona ndi njala? Ntchito inaima miyezi isanu, kanyumba kali chigoba pansi pa lona, anthu odutsa akuloza. Amene anaidzutsa ndi abale athu atatu a ku Joni amene anasonkherana, ndi bungwe la amayi limene linagulitsa mandasi ndi zitumbuwa pa msika Loweruka lililonse. Tambala iliyonse inalembedwa, ndipo buku lili kwa msungichuma. Aliyense wa mu mpingo ali ndi ufulu woliona.

Tsopano za kukakwatitsa ndi galimoto, pakuti kanyumba aka sikanabadwire Hilux yathu. Tisanadule chitsulo chilichonse kalipentala anayeza bodi katatu, ndipo anapeza kuti thako la kanyumba linali lalikulu ndi zala zinayi kuposa mpata wa pakati pa zotundumuka zija za matayala akumbuyo. Ena anati tingozisasantha ndi hamala. Tinakana, chifukwa galimoto ikalemedwa n'kugunda bampu, tayala limakwera m'menemo, ndiye likanamakhula. Tinachepetsa felemu ya kanyumba m'malo mopundula galimoto. China chinali mphuno ija. Mutu wa pikapu ndi bodi sizigwedezeka limodzi, pa msewu wa mabampu chasisi imapindika pang'ono, china kupita uku china uku. Mphuno ikakhala pafupi kwambiri imaphwanya denga la dalaivala. Tinayala matabwa ndi labala pansi kuti pakhale mpata woti chibakera cha munthu wamkulu chilowe momasuka, koma osakweza mopitirira, pakuti chinthu chikatalika kwambiri chimakoka galimoto pokhota.

Tsiku lokweza sindidzaliiwala. Timanyumba timeneti timabwera ndi miyendo inayi yopukusa, koma yathu inasowa kalekale. Ndiye tinapeza migolo inayi, mapolo awiri a bulugama aatali kuposa m'lifupi mwa galimoto, ndi anyamata 12. Ankanyamula mbali imodzi, tikulowetsa matabwa, kenako mbali inayo, pang'onopang'ono mpaka kanyumba kanakhala m'malere pa mapolo, migolo ili m'mbali. Tinachotsa chitseko chakumbuyo cha bodi. Dalaivala wathu anayamba kubwerera chambuyo, ine ndili kumbuyo ndikukodola ndi dzanja, kalipentala atagona pansi akuyang'ana mpata. Mbali iliyonse kunatsala malo a chala chimodzi basi. Galimoto italowa theka, mgolo wakumanzere unayamba kumira m'dothi, kanyumba n'kupendekeka. Amayi amene ankaimba anasiya nyimbo pakati. Anyamata asanu anathamangira kukachirikiza polo ndi mapewa, wina analowetsa jeke pa thabwa, tonse thukuta kamukamu. Palibe anapwetekedwa ngakhale chala. Pamene kanakhala pansi m'bodi, gu! mofatsa, n'kukwana ngati chivindikiro pa poto, nthungululu zinamveka mpaka kumsewu. Aleluya!

Kukweza ndi kwina, kumanga ndi kwina. Ambiri amamangirira katundu ku tizitsulo ta m'mphepete mwa bodi, koma timeneto ndi ta zingwe za matumba, chinthu cholemera chotere chingatizule. Wowotcherera anapanga mikono inayi yomangidwa ndi mabawuti ku chasisi, ndipo unyolo umachoka pamenepo kukagwira ngodya za kanyumba. Zolemera zonse, batire ndi jenereta, zimakhala kutsogolo pafupi ndi mutu wa galimoto. Mukaziika kumbuyo kwa matayala, kutsogolo kumapepuka ndipo chiwongolero chimayamba kusewera. Ku Ndirande anationjezera tsamba limodzi pa masipuling'i mbali iliyonse, tinasintha mashoko, n'kugula matayala onyamula katundu, aja olembedwa C kumapeto kwa nambala. Makaniko wake anandichenjeza mawu amene ndawasunga: sipuling'i yoonjezera imangothandiza kuti galimoto isakhale pansi, koma mabuleki ndi ekiselo zikadali zomwe zija, muyeso wa katundu sunasinthe.

Tinakaiyeza pa sikelo ya magalimoto ku Limbe, ndipo titachotsera zonse tinapeza kuti kumbuyo mungakwere wodwala ndi anthu atatu, osaposa. Tinaiyesa pa tala kuyambira pa Njuli mpaka ku Namadzi, kenako pa fumbi cha ku Namitambo. Basi ikakudutsa mphepo yake umaimva ikukankha, ndiye dalaivala tamuuza kuti asapitirire 70. COF tinatenga, mapepala onse ali m'malo. Mvula yoyamba itagwa ndinalowa mkati ndi tochi, n'kukhala ola lathunthu ndikufufuza dontho. Linapezeka limodzi pa windo lakumanja, tinalimata m'mawa mwake.

Malamulo ake ndi awa, ndipo ndikupempha atsogoleri a nthambi zonse muwauze anthu. Mbaula isalowe m'kanyumba aka, kaya kuzizire bwanji mu Juni. Makala akamayaka m'malo otsekeka amatulutsa mpweya wopanda fungo umene umapha munthu ali m'tulo. Chachiwiri, iyi si ambulansi, mulibe namwino kapena mankhwala, ndipo sitikhota kupita kutchalitchi ndi munthu wofunika dokotala. Tipemphera tili pa ulendo wa kuchipatala. Chachitatu, wodwala safunsidwa kuti amapemphera kuti. Munthu woyamba kugona pa bedi limeneli anali gogo wina wachisilamu wa m'mudzi woyandikana nafe, amene tinapita naye ku chipatala cha boma pa Chiradzulu usiku wa mvula, ndipo anafika chofunda chake chili chouma. Banja likatha kuthandiza dizilo lithandize. Likalephera, galimoto inyamukabe.

Zotsala zilipo. Windo limodzi likadali lotseka ndi pulayiwudu chifukwa galasi la muyeso wake sitinalipeze. Tikufunanso sola yaing'ono ya magetsi a mkati, pakali pano tikudalira tochi, komanso belu loti amene ali kumbuyo azitha kuimitsa dalaivala. Ngati pali wina amene ali ndi miyendo ija yopukusa, kapena akudziwa kumene ingapezeke ku Joni, andilembere, chifukwa za migolo zija sindikufuna tidzabwerezenso.

Lachisanu tikunyamuka kupita cha ku Namitambo kokalalikira masiku atatu, ndipo ine ndi mkulu wa mpingo mmodzi tikagona momwemo. Masiku amenewo nkhani ya wodwala ikabuka imbirani mlembi, galimoto ibwerera. Lamulungu linalo tikaweruka mapemphero kanyumba kadzakhala kotsekula, bwerani mudzalowe mudzaone. Ana alowe awiriawiri, ndipo nsapato zamatope zitsale panja, amayi abusa atero.