Zimene Zili Kunsi kwa Tsamba

Sabata yatha, ndikutsegula chitseko cha kanyumba kanga kantchito pano pa Chunga, kunafika bambo wina wa ku Matero atanyamula mapepala a mwambo wa maliro a mlongo wake, amene mnyamata wina wa pa kefe ya intaneti anawataipira usiku pa theka la mtengo wanga; ndipo pamene tinawapinda pakati monga ayenera kupindidwira, tinapeza kuti chithunzi cha malemu chagwera kumbuyo, nyimbo yotsekera yatsogola, ndipo mbiri ya moyo wawo yadukira pakati pa chiganizo. Maliro anali oika masana omwewo kumanda a Chunga. Mkwiyo umene ndinaumeza m'mawa umenewo ndiwo wandigwiritsa cholembera.

Ine ndine wotaipa makalata, ndipo chida changa ndi WordPerfect, imene achinyamata amaiseka ngati khasu lakutha. Inabadwira ku Orem, m'chigawo cha Utah ku America, ndipo mtundu wake wotchuka, wa 5.1, unatuluka mu 1989. Ine ndinakomana nayo mu 1993, m'kachipinda ka kuseri kwa sitolo ina pa Chachacha Road, kwa amayi ena a ku Chipata amene anayamba kutaipa pa Boma mzindawo ukutchedwabe Fort Jameson, ndipo anadzatsegula malo awoawo pamene makampani a boma anayamba kugulitsidwa, anthu nachotsedwa ntchito ambirimbiri. Amayiwa anali ataumba zala zawo pa makina otaipira a Remington ndi pepala la kaboni, pamene kulakwitsa chilembo chimodzi kunali kulakwitsa makope atatu. Chotero kompyuta sanaione ngati chilolezo cha ulesi. Ankandifunda nsalu pamanja kuti ndisaone kiyibodi. Kachikatoni kamene kankaikidwa pa mabatani a F, kokumbutsa ntchito ya batani lililonse, anakachotsa nditangotha mwezi, nakatsekera m'chikwama chawo pamodzi ndi buku la nyimbo. "Mwana iwe," ankatero, "F10 ndiye mpulumutsi wako; magetsi sachita kulawira." Kufikira lero chala changa chimafuna kusunga ntchito ndime iliyonse ikatha, ngakhale ndikulemba m'kope. Sanandiyamikepo ndi pakamwa ngakhale tsiku limodzi, koma tsiku limene ndinataipa kalata ya loya popanda cholakwa anandigulira chitumbuwa, nandiuza kuti ndidye msanga makasitomala asanandione.

Za kukhazika malire a pepala ndi kusindikiza sindinenapo, pakuti mwana wa sukulu aliyense amazidziwa. Chimene ndifuna kuti mumve ndi ichi. Sikirini ya 5.1 inali yabuluu, yopanda kanthu, kupatula kamzere kam'munsi konena tsamba ndi malo amene wafika. Koma ukadina Alt ndi F3 pamodzi, inkagawika pawiri monga chinsalu chotchinga cha m'Kachisi, ndipo m'munsimo munkaoneka zobisika zonse za kalatayo. Dzina lake ndi Reveal Codes. Pamenepo umaona ndi maso pamene zilembo zakuda zayambira ndi pamene zathera. Umasiyanitsa HRt, kumene wotaipa wadula mzere mwadala, ndi SRt, kumene mzere wadzikhotera wokha utafika kumalire. Ndipo ndime ikapanduka, nikana kukhala pamene waiika, suchita kuipembedza kapena kuyamba ntchito yonse kachiwiri, koma umalowa m'munsimo, nupeza kachizindikiro kamodzi kolowerera, nukafufuta, tsamba lonse nkuwongoka nthawi yomweyo ngati chingwe chimene wachimasula mfundo. Kuona maso a nkhono nkudekha. Amayi aja ankandipatsa kalata imene aiwononga dala, nakhala chete akuluka juzi mpaka nditapeza pamene abisa msampha.

Tsono mukandibweretsera fayilo ya anyamata a masiku ano, yokongola ndi maluwa m'mbali, ine ndikaitsegula kunsi ndimapeza mutu wakankhidwira pakati ndi mipata makumi atatu, tsamba latsopano layambidwa ndi kumenya Enter kosawerengeka, mitundu ya zilembo isanu m'ndime imodzi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Usinthe dzina limodzi lokha, nyumba yonse igwa.

WordPerfect inagulidwa ndi Novell mu 1994, amene anaiphatikiza ndi Quattro Pro yowerengera ndalama ndi Presentations, mtolo wonsewo nautcha PerfectOffice. Mu 1996 unapita m'manja mwa Corel ya ku Ottawa. Koma pofika apo maofesi a mu Cairo Road anali atayamba kale kutembenukira kwa Microsoft, ndipo Office 97 inafika ndi kawaya kopanira mapepala kokhala ndi maso, kamene kankasuzumira pa sikirini kufunsa ngati ndifuna thandizo polemba kalata, ine amene ndinali nditalemba makalata kaiko kasanabadwe. Word ndili nayo pa makina achiwiri, chifukwa olemba anthu ntchito amafuna docx. Sindikana kuti imagwira. Koma mabuku a chilimba cha amayi a pamsika ali mu Quattro Pro ya WordPerfect Suite 8 ya 1997, ndipo pamene kwacha inadulidwa maziro atatu mu Januwale 2013, ndinawakonza onse madzulo amodzi, pogawa mzere uliwonse ndi 1,000.

Kabuku ka maliro ka masamba asanu ndi atatu kali ndi lamulo lake: tsamba 8 likhala pambali pa 1, kuseri kwake 2 ndi 7, pepala lachiwiri 6 ndi 3, kuseri 4 ndi 5. Mnyamata wa pa kefe uja anangowandandalika 1, 2, 3 monga ana pa mzere. Koma kasitomala saona zimenezi. Iye amaona mtengo, nati, "Amayi, mwadulitsa, paja paseri apa achita theka." Ena amatumiza mbiri ya malemu pa WhatsApp zidutswazidutswa, dzina limodzi litalembedwa mitundu itatu, ndipo ndikaimba kufunsa ngati agogo anabadwira ku Katete kapena ku Chadiza, amati ndikuchedwetsa; kwa ine kuno inki yakwera, mapepala ku Kamwala akwera, magetsi akazima ndilipira mwini jenereta, koma iwo akuti adzalipira maliro akatha.

Bambo wa ku Matero uja anatuluka ndi timabuku take nthawi isanakwane 11 koloko, chithunzi cha mlongo wake chili patsogolo. Inu amene mudzabwera pambuyo pake, chonde lembani mayina a abale papepala ndi zilembo zazikulu, ndipo mufike dzulo lake la maliro.