Ana oyenda okha pa msewu wa M1

Msewu wa M1 umayambira ku Songwe, m'malire a dziko lino ndi Tanzania, n'kudzera ku Karonga, Mzuzu, Kasungu ndi Lilongwe mpaka kuchigawo cha kummwera. Ambirife timaudziwa ndi matimati a pa Jenda ndi malole a matabwa a ku Chikangawa. Koma msewuwu uli ndi apaulendo enanso amene sakwera basi masana. Awa ndi anyamata a ku Ethiopia, ambiri ochokera kumadera a Hadiya ndi Kembata, omwe akulowera ku South Africa. Amadzera ku Moyale, Kenya ndi Tanzania, ndipo akalowa m'dziko muno amakatulukira ku Dedza kapena ku Mwanza.

Patchuthi chapitachi, popita ku Mzuzu, basi yathu inaima pa chipata china cha apolisi. Pambali pa lole yomwe anaigwira panali anyamata atakhala pansi, ena alibe nsapato. Atatu mwa iwo anali a msinkhu wa ana anga a Fomu 2. Chichewa sankamva, Chingerezi chinali chapatalipatali, ndipo panalibe wamkulu aliyense woti n'kumutchula kuti bambo kapena malume awo. Mayi wina anawaponyera nthochi pawindo, basi n'kunyamuka.

Kutsogolo tinadutsa m'mbali mwa nkhalango ya Mtangatanga, m'boma la Mzimba. Ndi m'nkhalango imeneyi mmene mu Okutobala 2022 munapezeka mitembo 30 ya anthu omwe apolisi anati ndi a ku Ethiopia. Choncho mwana amene wagwidwa pamsewu ali moyo ndiye kuti wapulumuka. Chotsala n'chakuti ife timutani.

Kawirikawiri ogwidwawa amaimbidwa mlandu wolowa m'dziko popanda chilolezo. Akamaliza chilango, ambiri amakhalabe m'ndende monga ya Maula miyezi yambiri, kudikira ndalama za ndege yowabwezera kwawo, ndipo ana akhala akupezeka m'gulu lomwelo. Chikhalirecho, kuyambira 2017 malamulo oyendetsera dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 sililola kuti mwana atsekeredwe m'ndende, ndipo lamulo lothana ndi kuzembetsa anthu la 2015 limateteza wozembetsedwa.

Sindikunena kuti malire akhale opanda chitseko. Koma mwana wotere asanakwezedwe ndege, msinkhu wake uyambe wafufuzidwa. Apatsidwe womasulira, loya wa Legal Aid Bureau ndi mlangizi woona za chisamaliro cha ana, ndipo nkhani yake imvedwe kubwalo la ana. Makolo ake apezeke kaye, chifukwa ena anagulitsa munda kapena kutenga ngongole kuti alipire omuzembetsa, ndiye mwana wobwerera chimanjamanja amangonyamukanso.

Ifenso tili ndi ana pa ulendo wofananawo. M'masukulu a ku Mangochi ndi ku Mzimba, mnyamata amasowa pakati pa teremu, kenako mumangomva kuti wawoloka Limpopo, ali ku Joni. Akagwidwa ku Musina timafuna kuti amuone ngati mwana, osati kumuthira m'gulu la akuluakulu opita ku Lindela. Mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Aphungu athu, lamulo loona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko ndi la 1964. Likonzeni kuti linene mosabisa zoyenera kuchita ndi mwana wofika yekha.