Nyenyezi za Pachifuwa

Kwathu ku Ntcheu, m'nyumba ya agogo anga obereka amayi, muli sutikesi yachitsulo imene mwana sayerekeza kuikhudza. M'menemo mumagona nsalu yawo ya Mvano, khadi la ubatizo, timakobiri takale tobooka pakati, ndipo pansi penipeni, pakati pa masamba a buku la nyimbo, pali chithunzi cha msilikali. Ife tonse tidakula tikudziwa kuti ameneyo ndiye bambo wawo wa agogo, amene adalembedwa usilikali wa Keyala mu 1942, agogowo ali m'mimba, nakafera ku Burma ndi malungo. Nkhaniyo inkathera pomwepo. Mudzi udalira maliro opanda mtembo, amayi awo a agogo adameta, ndipo patapita zaka adakwatiwanso.

Chaka chatha mphunzitsi wathu wa mbiri yakale adatiuza kuti aliyense abwere ndi chinthu chimodzi chakale cha kwawo, achifunse mafunso monga momwe wapolisi amafunsira mboni. Anzanga ena adabwera ndi makasu a chipala, ena ziphaso za msonkho. Ine pa tchuthi ndidapita kwa agogo kukapempha chithunzi chija.

"Amuna anga," adatero agogo, pakuti ndimo amanditchulira monga mdzukulu wawo wamwamuna, "mukakachitaya kusukulu kwanuko musadzabwerenso pakhomo pano." Adachikulunga m'kansalu, ine ndidachilandira ndi manja awiri.

Chithunzicho n'chaching'ono, chosaposa chikhatho, ndipo chidayamba kufiirira m'mbali. Munthuyo adaima njo, manja m'mbali, kabudula wa khaki wowongoka ngati thabwa, m'mutu chisoti chachitali chija cha asilikali a Keyala pa tsiku la perete. Pamkono pali mizere itatu, kusonyeza kuti adali sajeni. Nkhope yake ndi ya amalume anga yeniyeni, makamaka mphumi ndi milomo, kotero kuti za ubale sindidakayike ngakhale pang'ono.

Ndidayamba ndi zimene aliyense angapeze m'laibulale. Keyala ndi katchulidwe kathu ka KAR, ndiye kuti King's African Rifles, gulu la nkhondo limene Angerezi adakhazikitsa mu 1902 pophatikiza magulu a asilikali akuda a m'maiko awo a kuno kum'mawa ndi pakati pa Africa. Mabataliyoni oyamba awiri, 1 KAR ndi 2 KAR, adali a Nyasaland, ndipo pamene a ku Kenya, Uganda ndi Tanganyika ankalamulidwa m'Chiswahili, athuwa ankalamulidwa m'Chinyanja. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse adamenyana ndi Ataliyana ku Moyale, m'malire a Kenya ndi Abyssinia, mu July 1940, ndi ku Tug Argan m'dziko la Somaliland mwezi wotsatira. Ena adapita ku Madagascar mu 1942. Kenaka gulu lalikulu lotchedwa 11th East African Division, limene chizindikiro chake chidali chipembere, lidakaphunzira za nkhondo ya m'nkhalango ku Ceylon, ndipo mu 1944 lidalowa m'chigwa cha Kabaw ku Burma mvula ili pakati, kuthamangitsa Ajapani mpaka ku Kalewa pa mtsinje wa Chindwin. Chigwa chimenecho chidatchuka ndi matope ndi malungo. Nditawerenga zimenezi ndidati basi, nkhani ya kwathu ija yagwirizana ndi mabuku, ntchito yanga yatha.

Ndikadalekera pomwepo bwenzi ndikugona tulo tabwino. Koma mnzanga wina wophunzira za zamoyo adandibwereka galasi lokulitsira zinthu, lija amaonera miyendo ya nsabwe za m'masamba, ndipo usiku wina m'chipinda mwanga ndidayamba kuliyendetsa pa chithunzicho kuchokera kumutu. Chisoti n'chakuda. Mabuku amati asilikali a Nyasaland ankavala zakuda pamene anzawo ambiri ankavala zofiira, komatu pa chithunzi chopanda mitundu chofiira nachonso chimaoneka chakuda, ndiye pamenepa sindidapindule kanthu. Baji ya pachisoti ikadandiuza nambala ya bataliyoni, koma idangotsala kadontho koyera. Nditatsika pachifuwa m'pamene mtima udagunda. Pali mamendulo asanu: ziwiri ndi nyenyezi za nsonga zisanu ndi imodzi, atatu ndi ozungulira, ndipo lomalizalo lili ndi kachitsulo kopingasa pa nsalu yake.

M'mawa mwake ndidakaonetsa aphunzitsi aja. Adayang'ana nthawi yaitali, kenaka adandifunsa kuti, "Mwati munthuyu adamwalira chaka chanji?" Ndidati 1944. Iwo adavula magalasi awo nandifotokozera mosathamanga. Nyenyezi imodzi iyenera kukhala ya 1939-45, inayo ya Burma. Koma nyenyezi ya Burma idakhazikitsidwa mu May 1945, ndipo mamendulo enieniwo, a chitsulo, adagawidwa nkhondo itatha. Munthu wofera m'chigwa cha Kabaw mu 1944 sakadaima pamaso pa wojambula atawavala. Tsono lomaliza lija, la kachitsulo kopingasa, adati likufanana ndi General Service Medal, imene ankapatsa asilikali okamenya nkhondo ya m'nkhalango ku Malaya. Kumeneko 1 KAR idapita mu 1952, ndipo 2 KAR idatsatira pambuyo pake.

Ndidatuluka mu ofesimo miyendo ili zii. Panali njira ziwiri zokha. Mwina msilikali wa pa chithunziyo sadali bambo wa agogo, ndiye kuti kwa zaka zonsezi akhala akusunga nkhope ya mlendo m'buku lawo la nyimbo. Apo ayi, ndi bambo wawo ndithu, amene adapulumuka ku Burma, nakwera mpaka pa usajeni, koma osabwerera kwa mkazi ndi mwana. Mphumi ija inkandikaniza njira yoyambayo.

Komabe ndidafuna kuwapatsa mpata akufa kuti adziyankhire. Loweruka lina ndidayenda wapansi kuchoka ku Chirunga mpaka ku chipilala cha njerwa chija chili pafupi ndi Cobbe Barracks, chimene ambiri a ife timangochiona pa zenera la minibasi popita ku Blantyre. Ndidawerenga maina mpaka khosi kuwawa, ndisanazindikire kuti ndikufuna mbuzi m'khola la eni: chipilalacho adachimanga pokumbukira a nkhondo yoyamba, ya 1914 mpaka 1918. Ndidabwerera ndi manyazi anga. Kenaka ndidafufuza pa intaneti m'kaundula wa bungwe la Commonwealth War Graves Commission, limene limasamala manda a asilikali. Ku Taukkyan, pafupi ndi Rangoon, kuli chikumbutso cha maina pafupifupi 27,000 a anthu amene adafera ku Burma koma manda awo sadziwika, ndipo pakati pawo pali Aafirika ambiri. Ndidayesa dzina la agogo aakuluwo m'kalembedwe kalikonse kamene kalaliki wa Chingerezi akadalilemba, la ubatizo, la ubwana, ngakhale la mfunda. Silidatuluke.

Kusowa kwa dzina pakokha si umboni, zimenezo ndikudziwa. Anyamata ambiri ankalembetsa usilikali ndi maina ongopeka, ena pothawa msonkho, ena pothawa makolo. Ndiponso bungwe lomwelo lidavomera mu 2021 kuti pa nkhondo yoyamba anthu osachepera 116,000, ambiri mwa iwo Aafirika, sadakumbukiridwe ndi maina awo monga adachitira ndi Azungu. Mwa anthu otere mudali amtengatenga, amene adasenza katundu wa nkhondo pamutu nafera m'njira. Koma ine vuto langa silidali la munthu wosowa dzina. Lidali la munthu wamoyo, wovala mamendulo asanu.

Chomaliza ndidachipeza kuseri kwa chithunzi, kumene ndikadayenera kuyambira. Pali chidindo cha wojambula chofufutika, ndipo ukachipendeketsa pa dzuwa zilembo zinayi zimaoneka: SAKA. M'nthawi ya Chitaganya cha 1953 mpaka 1963, 2 KAR nthawi zina inkakhala ku Northern Rhodesia, ndipo Chitaganya chitatha, pamene 1 KAR idasanduka Malawi Rifles, 2 KAR idatsalira komweko nikhala gawo la asilikali a Zambia. Amene adayendako ku Zambia akudziwa kuti nkhondo ija idakalipo m'maina a malo a asilikali: Arakan ku Lusaka, Chindwin ku Kabwe, Kalewa ndi Tug Argan ku Ndola, monga ifenso tili ndi Moyale ku Mzuzu. Tsono munthu wathu uja sadafere ku Burma. Adatchona ku Lusaka, ulendo wa masiku owerengeka kuchokera ku Ntcheu.

Pepala langa ndidalemba, ndipo ndidakhoza bwino, koma zimenezo sizidandikondweretse. Teremu yonse ndinkalimbana ndi funso limodzi: kodi nkhalamba ya zaka zoposa 80 ndikaiuze kuti bambo amene yakhala ikumulira adaisiya dala? Amayi nditawaimbira lamya adati, "Usakayerekeze. Ukangobweza chithunzicho, ukathokoze, basi." Amalume adati sukulu ikundiwononga mutu. Ine ndemwe ndidaona kuti m'kalasi n'kosavuta kunena kuti wolemba mbiri asaope choona, poti Chilembwe ndi Bwanamkubwa Smith sadzakudikira pakhonde ndi mbale ya mbatata.

Ndidafika kumudzi madzulo, agogo akusola chimanga pamphasa. Ndidagwada, ndidapereka kansalu kaja. Adakamasula, nayang'ana chithunzicho mbali zonse ziwiri ngati akuwerenga nkhuku zawo.

"Nanga aphunzitsi anuwo ati chiyani?"

"Ati n'chithunzi chabwino, agogo."

"Basi?"

Ndidakhala chete, maso pansi. Iwo adaseka pang'ono, kuseka kopanda mano kuja, napitiriza kusola.

"Amuna anga, musandiyese mwana. Chithunzi chimenechi chidabwera ine nditayamba kale kutunga madzi ndi mtsuko waukulu. Adabwera nacho bambo wina wa kutsidya kwa mtsinje, wopuma usilikali, pamodzi ndi bulangete ndi mapaundi awiri. Kodi akufa amajambulitsa?"

Adandiuza kuti uthenga wa imfa udabweradi nthawi ya nkhondo, wapakamwa, ndipo maliro adalira moona. Pamene chithunzi chinkafika, amayi awo adali atakwatiwa kale, ali ndi ana ena atatu. Akuluakulu a mbumba adakhala pansi usiku nagwirizana kuti womwalira akhale womwalira, poopa kupasula banja ndi milandu ya ku mpingo. Bulangete adafunda, ndalama adagulira mbuzi, chithunzi adapatsa mwana. Ngati msilikaliyo adamva kuti mkazi wake adakwatiwa n'chifukwa chake sadabwere, kapena adali atapeza kale banja lina, agogo adati iwo sadafunse, poti mwana wamkazi wa masiku amenewo sankafunsa zotere.

Ndidawaonetsa zilembo zinayi zija pa kuwala kwa tochi, ndi kuwauza za Malaya ndi Lusaka. Za Malaya sadalabadire. Adangobwereza kawiri kuti, "Lusaka, Lusaka," ngati akulawa mchere mu ndiwo. Kenaka adandibwezera chithunzicho m'manja.

"Musachibweze msanga. Ngati adakhala kumeneko zaka zonsezo, ndiye kuti adabereka. Mukafunse kwa asilikali anzawo ku Zombako, mwina alipo wotsala amene adamva dzina lawo. Ndikufuna ndidziwe ngati ndili ndi achimwene."

Chithunzicho chili m'kabati mwanga muno, m'kansalu komwe kaja. Lachiwiri ndikupita ku National Archives kukapempha mafayilo a asilikali opuma, ndipo kalata yopita ku Lusaka ndalemba kale, yangotsala adiresi.