Mayi Amene Ankalemba ndi Matope

Matope ndi chinthu chimene munthu aliyense waukhondo amachithawa. Mwana akabwera kuchokera kudambo malaya ali matope okhaokha, amayi ake amayamba kumukalipira asanamufunse n'komwe kumene anali. Komatu kumadzulo kwa Africa, m'dziko la Mali, kuli amayi a mtundu wa Abamana amene amatenga nsalu yoyera ya thonje n'kuipaka matope mwadala, ndipo ikachapidwa imasanduka chovala chaulemu wake. Nsaluyi amaitcha bogolanfini. M'chiyankhulo chawo bogo ndi dothi kapena matope, pamene fini ndi nsalu.

Mmodzi mwa akatswiri otchuka pa ntchito imeneyi adali Mayi Nakunte Diarra. Iwo adabadwa cha m'ma 1941 ndipo zaka zambiri za moyo wawo adakhala ku Kolokani, m'dera la Beledougou, kumpoto kwa mzinda wa Bamako. Luso lawo sadalitenge kusukulu. Adaliphunzira ali kamtsikana kuchokera kwa amayi akuluakulu a pabanja pawo, monga momwe atsikana a kumeneko akhala akuphunzirira kuyambira kalekale. Mwana amayamba n'kupenyerera, kenaka amatumidwa kukathyola masamba ndi kusinja, ndipo pamapita zaka asanadziwe kujambula nsalu yonse payekha. Paja akulu adati m'mera mpoyamba.

Nsalu isanafike m'manja mwa mayi wonyika imakhala itadutsa kale m'manja ambiri. Amayi amapota thonje kuti likhale ulusi, ndipo abambo ndiwo amawomba. Chowombera chawo n'chopapatiza, choncho chimatulutsa timizere ta nsalu ta masentimita pafupifupi 15 m'lifupi. Timizereti timasokedwa pamodzi mpaka kukwana nsalu ya mita imodzi m'lifupi ndi mita imodzi ndi theka m'litali, yofanana ndi chitenje.

Apa mpamene pamayambira vuto limene wonyika nsalu aliyense padziko lapansi amakumana nalo. Thonje ndi louma mutu. Ubweya wa nkhosa umamwa utoto wa zomera mosavuta, koma thonje limaulandira lero, mawa likangoona madzi ndi sopo n'kuutaya. Munthu atha kuwiritsa masamba kapena makungwa, madzi ake n'kuoneka okongola zedi, koma akanyikamo nsalu popanda china chothandizira, nsaluyo imasuluka asanaichape katatu. Motero pamafunika mkhalapakati woti agwire ulusi ndi dzanja limodzi, utoto ndi dzanja linalo. Azungu adapatsa mkhalapakati ameneyu dzina lochokera ku mawu a Chilatini otanthauza kuluma, chifukwa ankaganiza kuti amaluma ulusi kuti utoto ulowerere. M'mayiko ena amagwiritsa ntchito mchere wa alamu, koma Abamana adapeza mkhalapakati wawo pansi pa madzi.

Poyamba mayi amathyola masamba a mtengo umene iwo amautcha n'galama, umene akatswiri a zomera adaupatsa dzina loti Anogeissus leiocarpa. Masambawo amawasinja n'kuwaviika kapena kuwawiritsa, ndipo m'madzi akewo amanyikamo nsalu ija. Akaiyanika padzuwa imauma ili yachikasu. Mlendo angaganize kuti ntchito yatha, chonsecho chikasucho ndi maziko chabe. Chofunika chenicheni chimene masambawo asiya mu ulusi sichioneka ndi maso. Ndi mankhwala achilengedwe otchedwa tanini, omwe aja amachititsa kuti nthochi yosapsa kapena tiyi wowirira amange m'kamwa.

Matope nawo si ongotapa paliponse. Amawatenga pansi pa maiwe ndi mitsinje, n'kuwasunga mu mtsuko wovundikira bwino, ali m'madzi, kwa nthawi yofika chaka chathunthu kuti avunde ndi kusalala. Tanthauzo lake n'lakuti matope amene Mayi Diarra ankajambulira nsalu m'chilimwe chino adali otapidwa chilimwe chathachi, ndipo tsiku limene ankatsegula mtsuko umodzi ankayenera kukhala ataganizira kale za mtsuko wa chaka chamawa. Waulesi ndi wopupuluma sangaithe ntchito yotere.

Kajambulidwe kake n'kodabwitsa. Mayi amakhala pansi, n'kuyala mbali imodzi ya nsalu pa chikho chovundikira chimene waika pamiyendo pake, ndipo amatenga kamtengo kapena kachitsulo kophwatalala n'kumatapa matope pang'onopang'ono. Munthu wolemba kalata amadetsa chilembo n'kusiya pepala lili loyera, koma mayiyu amachita zosemphana ndi zimenezo. Iye amadetsa malo onse ozungulira chizindikiro, chizindikirocho n'kuchisiya osachikhudza. Ayenera kuchiona m'mutu mwake chisanaoneke pansalu, ndipo dzanja likangotsetsereka palibenso kufufuta. Matope akauma amawatsuka, nsalu ija n'kuinyikanso m'madzi a masamba, n'kubwerezanso kupaka pomwe padapakidwa kale kuti kuda kwake kukhwime. Pomaliza amatsata timizere tachikasu timene tatsala n'kutipaka sopo wowawa, ndipo dzuwa limathandiza kutiyeretsa. Nsalu imodzi imatha kudya milungu iwiri kapena itatu.

Nanga n'chifukwa chiyani kuda kumatsalira matope atatsukidwa? Matope a pansi pa madziwa ali ndi chitsulo chambiri. Chitsulocho chikakumana ndi tanini amene adalowa kale mu ulusi, ziwirizi zimagwirizana n'kupanga chinthu chatsopano chakuda chimene sichisungunuka m'madzi. Dothi limapita ndi madzi otsukira, koma chitsulo chimatsalira chitamangana ndi ulusi. Wophunzira aliyense atha kudzionera yekha zimenezi: akaponya msomali wadzimbiri m'kapu ya tiyi wowirira wopanda mkaka, tiyiyo amada. Mpeni umene umada munthu akamasenda nthochi zaziwisi umada pa chifukwa chomwecho, ndipo inki imene anthu a ku Ulaya adalembera mabuku awo kwa zaka mazanamazana inkapangidwanso ndi tanini ndi chitsulo. Amayi a Chibamana sadalowepo m'chipinda chophunzirira sayansi, koma adaidziwa mfundoyi ndi manja awo.

Zizindikiro zimene Mayi Diarra ankajambula sizidali zongokongoletsa. Chilichonse chili ndi dzina, ndipo china chimakumbutsa mwambi, china nyama monga ng'ona, china nkhondo yakale kapena munthu wolimba mtima. Matanthauzo ena amadziwika kwa amayi okhaokha amene adalangizidwa. Alenje ankavala malaya a nsaluyi kuti asaonekere m'tchire ndiponso pokhulupirira kuti imawateteza. Mtsikana ankafunda nsaluyi potuluka m'chinamwali, ndipo mayi ankaivala atangobereka, popeza Abamana ankakhulupirira kuti imayamwa mphamvu zoopsa zimene zimatuluka pa nthawi zoterezi. Motero nsaluyi idali buku, ndipo mayi wojambula adali mlembi ndi wosunga mbiri ya anthu ake.

Luso lotere likadatha kufa monga lidafera m'madera ambiri. M'chaka cha 1856 mnyamata wa zaka 18 wa ku London, William Henry Perkin, ankayesa kupanga kwinini, mankhwala a malungo, koma m'malo mwake adatulukira utoto wapepo wochokera ku phula la malasha. Pofika 1897 kampani ya BASF ya ku Germany idayamba kugulitsa utoto wabuluu wopangidwa m'fakitale, ndipo ulimi wa chomera cha indigo ku India udalowa pansi m'zaka zochepa chabe. Nsalu za m'fakitale zidadzaza misika, zotsika mtengo ndi zowala. Nkhaniyi si yachilendo kwa Amalawi. David Livingstone atafika m'chigwa cha Shire mu 1859 adapeza Amang'anja akulima thonje, kupota ndi kuwomba nsalu zawozawo m'midzi. Nkhondo za ogwira akapolo, njala ya 1862 ndi 1863, ndiponso nsalu zochokera kunja zidafooketsa ntchitoyo mpaka idazilala, ndipo lero n'kovuta kupeza munthu m'chigwacho wodziwa kuwomba monga ankachitira makolo ake.

Ku Mali zinthu zidayenda mwina chifukwa amayi onga Mayi Diarra sadasiye kutapa matope ngakhale pamene anthu a m'tauni ankaiona nsalu yawo ngati chovala cha osauka a kumudzi. Chifukwa cha kupirira kwawoko, ofuna kuphunzira atabwera adapeza aphunzitsi akadalipo. Mu 1978 achinyamata amene adaphunzira zojambulajambula ku Bamako adayambitsa gulu lotchedwa Bogolan Kasobané, lomwe lidayendera midzi kukafunsa matanthauzo a zizindikiro. Katswiri wosoka zovala, Chris Seydou, amene adamwalira mu 1994, adaonetsa nsaluyi ku Paris. Nsalu za Mayi Diarra nazo zidaonetsedwa ku America m'zaka za m'ma 1990, ndipo mu 2003 iwo adakasonyeza luso lawo pa chikondwerero cha zachikhalidwe cha Smithsonian ku Washington.

Komabe kutchuka kudadza ndi minga yake. Ogula atachuluka, anyamata osowa ntchito m'matauni adalowa m'malondawa. Iwo amaika chodindira pansalu n'kupaka matope mofulumira, kotero kuti amamaliza nsalu zingapo pa nthawi imene mayi wa ku Beledougou akadali pa nsalu imodzi. Mafakitale nawo adayamba kudinda zizindikirozo pa nsalu zimene sizidaonepo matope. Anyamatawa sitiyenera kuwaweruza mopupuluma monga ena amachitira, angatero munthu wachilungamo, pakuti njala ilibe manyazi ndipo malondawa adadyetsa mabanja ambiri. Koma wogula amene sadziwa kusiyanitsa amapereka mtengo umodzimodzi pa nsalu ya tsiku limodzi ndi ya milungu itatu, ndipo woluza amakhala uja wodekha. Chizindikiro chikamadindidwa ndi munthu wosadziwa dzina lake chimatsala chikomekome cha mkuyu.

Moyo wa Mayi Diarra ukusonyeza kuti chimene chimasunga luso ndi munthu wovomera kudikira. Mtengo wa n'galama ukadalipo m'tchire la Mali, matope akadali pansi pa maiwe, ndipo chitsulo ndi tanini zidzapitiriza kugwirizana monga mwa chilengedwe chake. Chosavuta kutayika ndi chidziwitso cha dziwe loyenera, nyengo yothyolera masamba ndi dzina la chizindikiro chilichonse, pakuti izi zimakhala m'mutu mwa nkhalamba, ndipo zimapita nayo kumanda ngati palibe mwana wokhala pambali pake. Kulikonse kumene kuli agogo odziwa khungwa limene limatulutsa utoto wofiira kapena muzu umene umadetsa mlaza wolukira mikeka, nthawi yowafunsa ndi pamene akadali ndi mphamvu zoloza mtengowo ndi chala.