Madzi a Kucilendo

Ife a kwa Kaduya tinazolowera madzi a m'mipopi otsika ku phiri la Mulanje, kotero tikaona mpopi timangoika manja ndi kumwa. Koma titapita ku Quelimane kukazonda mbale wathu wodwala, mai wa pa nyumbapo anatiletsa pa mpopi, nati: "Pepani bambo, dikirani ndiyambe ndaphitsa." Tinazizwa, popeza madziwo anali oyera mbee. Maiwo anatikumbutsa kuti m'caka ca 2023 namondwe Freddy, yemwe anatiliza ifenso ku Phalombe, anaononga mipopi ya mumzindamo, ndipo kolera inabuka. Paipi ikasweka pansi pa nthaka, abale athu, zonyansa zimalowa maso osaona. Tinapirira ludzu mpaka madzi anawira ndi kuzizira; otsala tinathira m'botolo la pa njira.