Mzere woipira nyumba koma wokomera kachisi

Sabata yatha ndinaima pakhomo la chipinda changa foni ili m'manja, ndikuyeza kumene chitseko chaloza. Anzanga ankandiyang'ana ngati ndazungulira mutu. Chinandichititsa zimenezi ndi feng shui, nzeru zakale za ku China zosankhira malo omangapo nyumba, kachisi kapena manda. Mawuwa amatanthauza mphepo ndi madzi.

Akatswiri a feng shui amagwiritsa ntchito kampasi yotchedwa luopan. Kampasiyi imagawa mbali za dziko m'zigawo zikuluzikulu 8 za madigiri 45 chilichonse, komanso zing'onozing'ono 24 za madigiri 15. Vuto limakhala pamalire. Nyumba ikayang'ana ndendende pamzere wolekanitsa zigawo ziwiri, monga pa madigiri 22.5, amati yagwera pa kong wang, mzere wopanda kanthu umene ena amautcha wa imfa. Nyumba yotere ilibe mbali yake. Okhulupirira amati m'banjamo simutha matenda, mikangano ndi maloto oipa, ndipo ndalama zimangodutsa m'manja.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti akatswiri ena amati mzere womwewo ndi woyenera kachisi. Iwo amati pamenepo ndi panjira ya mizimu, ndiye munthu sangagonepo mwamtendere, koma wopemphera amakumana ndi amene akuwafuna. Ku Japan, kumene nzeruzi zinafika kuchokera ku China, kulinso ganizo lofananako. Kumpoto chakum'mawa amakutcha kimon, chipata cha ziwanda. Kachisi wa Enryaku-ji, amene anayambitsidwa ndi Saicho mu 788 paphiri la Hiei, ali mbali imeneyo ya mzinda wa Kyoto, ndipo anthu akhala akumuona ngati mlonda wotseka chipatacho.

Ine sindikunyoza zonse za feng shui. Nyumba zachifumu za Forbidden City ku Beijing, zimene zinamalizidwa mu 1420, zinayang'ana kum'mwera, ndipo chifukwa chake n'chomveka. M'nyengo yozizira, kumpoto kwa China mphepo yoluma imachokera kumpoto pomwe dzuwa limadutsa chakum'mwera. Khomo loyang'ana kum'mwera limalandira dzuwa n'kufulatira mphepo. Apa makolo awo anaona bwino.

Koma za mzerewu zandikanika kumeza. Kale mu 1088, katswiri wa ku China komweko Shen Kuo analemba kuti singano ya kampasi siloza kum'mwera kwenikweni, imapendekera pang'ono kum'mawa. Lero tikudziwanso kuti kumene singanoyo imaloza kumasuntha pang'onopang'ono zaka zikamapita. Ndiye kuti nyumba imene agogo anaimanga pabwino ingathe kupezeka pamzere wa imfa m'nthawi ya adzukulu, popanda njerwa ndi imodzi yomwe kusuntha. Zitsulo za m'khoma nazo zimasokoneza singano. Ine foni yanga inandiuza 21, kenako 24, kenako 22. Kodi ndinatembereredwa ndi kumasulidwa kawiri m'mphindi zisanu?

Anzanga ena amati ndisiye, chikhulupiriro cha eni sichindikhudza. Pa kachisi ndikuvomereza. Anthu akasankha kuika mantha awo pamalo amodzi, n'kumapita kumeneko kukapemphera, palibe amene wapwetekedwa. Koma panyumba nkhani imasintha. Taganizirani banja limene mwana wake akudwaladwala, n'kuuzidwa kuti chavuta ndi chitseko. Ndalama zimene zikanapita kuchipatala zimathera kwa woyeza ndi kwa mmisiri wogumula khoma. Mwanayo akapanda kuchira, bambo amene anamanga nyumbayo amatsala akudziimba mlandu chifukwa cha digiri imodzi.

Chitseko changa ndachisiya mmene chilili. Ndangosuntha tebulo lowerengerapo kuti likhale pafupi ndi zenera, pamene dzuwa la m'mawa limafika.